PHUNZIRO 17: MPHEPO M'KANYUMBA KA MBANDE

Tiyambe tawerenga mawu awa mokweza, tonse pamodzi. Kenaka aliyense awalembe m'kope mwake.

mba-nde, mpwe-ya, mpa-ta, chi-nye-zi, fa-ni, so-la

Alimi anzathu, tonse tikudziwa kuti matimati amasowa nthawi ya dzinja. Mu Januwale ndi Febuluwale ogula amakhalapo pa msika wa Metangula, koma milu ya matimati imakhala yochepa. Amene ali nawo ndiye amaseka. Kuti ifenso tikhale nawo nthawi imeneyo, tiyenera kufesa mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Apa ndiye pali vuto. Imeneyi ndi miyezi yotentha kwambiri kuno kunyanja. Mvula yoyamba ikabwera imagwa ndi mphamvu, n'kukwirira timbande m'matope. Nkhuku zimapalasa. Mbuzi nazonso sizipempha chilolezo.

N'chifukwa chake makoperativa ena amamanga kanyumba kofeseramo mbewu. Kanyumba kameneka n'kabwino ndithu. Koma kakamangidwa molakwika kamapha mbande zimene timafuna kuteteza. Ife zinatichitikira, ndipo sitibisa.

ZIMENE TINAONA IFE

Anzathu awiri a pa koperativa yathu anaona kanyumba kotere kumtunda, cha ku Lichinga. Kanali kokutidwa ndi pulasitiki paliponse, denga ndi makoma omwe. Mbande za m'menemo zinali zobiriwira, zonenepa. Atabwerako anatifotokozera pa msonkhano, ndipo tonse tinaomba m'manja. Tinasonkha ndalama. Tinagula pulasitiki ndi mbewu ya m'mapaketi, yodula ija. Abambo anadula nsungwi. Amayi anatuta manyowa ndi mchenga. Tinakuta bwinobwino, osasiya ndi kampata komwe. Tinkati nkhuku isalowe, tizilombo tisalowe, mvula isalowe.

Zoonadi palibe chimene chinalowa. Ngakhale mphepo sinalowe.

Mbewu inamera bwino. Sabata yachiwiri zinthu zinatembenuka. Masana munthu akalowa, ankatuluka thukuta lili kamukamu. M'mawa madzi ankadontha kuchokera kudenga, chonsecho mvula sinagwe. Mbande zinayamba kugwa, lero mzere uwu, mawa mzere uwo.

Mnzathu wina anati: "Vuto ndi kutentha, tigule fani." Fani ndi chipangizo chimene chimazungulira n'kumakupiza mphepo. Pa Chipwitikizi amati ventoinha. Tinatapanso m'thumba la gulu. Wogulitsa anatiuza kuti fani yake ndi yamphamvu zedi, ndipo ife sitinafunse zambiri. Tinaiika pa mpando pakati pa kanyumba, n'kutseka chitseko. Patapita masiku atatu, mbande za pafupi ndi fani zinali zitauma. Za kutali zinali zitawola. Tinapulumutsa zosakwana theka.

Gogo wina wa m'gulu mwathu, amene wakhala akuyanika usipa kuyambira utsikana wake, analowa n'kutuluka msanga. Anati: "Ana inu, apa mwamanga choyanikira nsomba. Nanga matimati alakwa chiyani?"

Tinaseka, koma mumtima zinatiwawa. Gogoyo ananena zoona. Kutsidya, ku Malawi, asodzi ena amamanga dala matenti a pulasitiki kuti usipa uume ndi kutentha kwa dzuwa. Ndipo ngakhale matenti amenewo amakhala ndi mipata, m'munsi ndi pamwamba, kuti chinyezi chizituluka. Ife tinamana mbande zamoyo chimene anzathu amapatsa usipa wakufa.

Tinaiwalanso chinthu china. Lichinga ili pamwamba, pa mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500. Kumtunda kumazizira, ndiye pulasitiki imawathandiza kusunga kutentha. Kuno kutentha tili nako kale kokwanira.

MBEWU IMAPUMA

Pansi pa tsamba pali timabowo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mbewu imapumira m'menemo. Masana imakoka mpweya uja ife timatulutsa popuma. Ku sukulu amautcha mpweya woipa, koma kwa mbewu ndi chakudya. Imauphatikiza ndi madzi ndi kuwala kwa dzuwa, n'kupanga thupi lake. M'kanyumba kotsekeka mpweya umenewu umachepa, ndipo mbewu imakula mwaulesi.

M'timabowo tomwemo mumatuluka madzi. Tinganene kuti mbewu imachita thukuta. Thukutalo likamauma, tsamba limazizira, monga thupi lathu limazizirira tikatuluka m'nyanja. Koma ngati mpweya wadzaza kale ndi chinyezi, thukuta siliuma. Tsamba limangotentha.

Matimati amakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 20 ndi 27. Kukapitirira madigiri 35 mbande zimavutika kwambiri. M'kanyumba ka pulasitiki kotsekeka, masana mumatentha kuposa kunja ndi madigiri 10 kapena kupitirira. Tawerengerani nokha: ngati kunja kuli 33, mkati muli 43.

Nanga mbande zija zinkagwa bwanji? Kambande kamaoneka bwino madzulo. M'mawa timakapeza katagona. Tikayang'ana tsinde, pamene lakhudzana ndi dothi, pamakhala powonda ngati ulusi, ponyowa, pakuda pang'ono. Ena amati ndi mbozi. Ena amati pali munthu wanjiru. Iyayi. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa chuku, timene timakhala m'dothi. Timaswana msanga pamene dothi lili lonyowa nthawi zonse, mbande zili zothinana, ndipo mpweya sukuyenda. Kambande kakagwa kagwa, palibe mankhwala okadzutsa. Tikazule pamodzi ndi dothi lake, tikataye kutali.

MPWEYA WOTENTHA UMAKWERA

Amayi akudziwa bwino izi. M'khitchini utsi supita pansi. Umakwera n'kutulukira m'udzu wa padenga. Mpweya wozizira umalowera pakhomo, m'munsi. N'chifukwa chake wophika amakhala pansi, ndipo woimirira ndiye amalira ndi utsi.

M'kanyumba ka mbande n'chimodzimodzi. Mpweya wotentha ndi wachinyezi umasonkhana kudenga. Ukapeza mpata pamwamba umatuluka wokha. Potuluka umakoka mpweya watsopano kudzera m'mipata ya m'munsi. Choncho kanyumba kafunika mipata iwiri: wolowera m'munsi, wotulukira pamwamba. Mpata umodzi wokha sukwanira. Tayesani kuuzira mpweya m'botolo. Sulowa, chifukwa wakalewo ulibe kotulukira.

Pomanga denga, mbali imodzi ikwere kuposa inzake ndi masentimita 30 kapena 40, ndipo ipitirire pang'ono pamwamba pa inzakeyo. Pakatipo pamatsala mpata wautali. Mvula silowa, koma mpweya wotentha umatuluka. Kanyumbako kasakhale kakafupi. Denga likakhala pamwamba, kutentha kumakhala kutali ndi mbande.

MPHEPO YA KUNYANJA SITIGULA

Ife a m'boma la Lago tili ndi mwayi. Kuyambira ku Metangula, kudutsa Messumba, mpaka ku Cobué, nyanja ili kumadzulo kwathu ndipo mapiri ali kum'mawa. Masana nthaka imatentha msanga kuposa madzi. Mpweya wa pamtunda umakwera, ndipo kamphepo kozizirirapo kamachokera kunyanja kudzalowa m'malo mwake. Usiku zimatembenuka: kamphepo kamatsika kuchokera kumapiri kupita kunyanja. Asodzi amadziwa zimenezi asanaphunzire ndi kulemba komwe.

Tsono kanyumba kathu kaime motere: makoma aatali ayang'ane kunyanja ndi kumapiri. Mphepo ya masana ilowe mbali iyi, itulukire mbali iyo. Makoma aafupi ndiwo ayang'ane kumwera ndi kumpoto. Tikudziwa ukali wa mwera m'miyezi yozizira, cha mu Juni, Julayi ndi Ogasiti. Tikudziwanso mpoto wa nthawi yotentha ndi yamvula. Mphepo zimenezi zikapeza khoma lalitali la pulasitiki zimaling'amba ngati tanga yakale. Zikapeza khoma lalifupi zimangodutsa.

Koma gombe lathu ndi lokhotakhota. Pali magomo, pali madoko obisika, pali zigwa monga cha mtsinje wa Lunho. Mphepo siyenda mofanana paliponse. Tisanakumbe dzenje la mzati, tizike nsungwi yaitali pamalopo, timangirire kansalu pamwamba. Kwa sabata yathunthu tione kumene kansaluko kakuloza m'mawa, masana ndi madzulo. Wina alembe m'kope. Ngati kansaluko kamangolendewera masana onse, malowo si abwino. Tisamange kuseri kwa nyumba, kwa chulu, kapena m'mbali mwa mpanda wothinana.

MIPATA IKULE BWANJI?

Apa tigwiritse ntchito masamu athu. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: mipata yonse pamodzi isachepere gawo limodzi mwa magawo 5 a pansi pa kanyumba.

Tiyerekeze kuti kanyumba kathu ndi mamita 5 m'litali, mamita 2 m'lifupi.

5 x 2 = 10

10 ÷ 5 = 2

Ndiye kuti mipata ikhale yokula ngati mazenera awiri, lililonse mita imodzi uku ndi mita imodzi uku. Kapena mpata umodzi wautali mamita 5, wotakata masentimita 40. Uku n'kuchepetsa. Kuno kunyanja kuchulukitsa sikulakwa.

Ife, titaphunzira ndi misozi, tinachotsa pulasitiki yonse ya m'makoma. Tinasiya ya padenga yokha, yotchinga mvula. M'munsi tinaika bango mpaka m'mawondo, kuti nkhuku zisalowe. Kuyambira pamenepo mpaka kudenga tinaika neti. Pamwamba pa pulasitiki tinayala udzu mwapatalipatali kuti uchepetse ukali wa dzuwa. Udzuwo usachuluke. Mukakhala mdima, mbande zimatalika, zimawonda, zimachita chikasu, ndipo zikapita kumunda sizilimba.

Mabokosi a mbande tinawaika pa thandala la nsungwi, longa loyanikapo usipa. Mphepo imadutsa pansi ndi pamwamba. Madzi otsala amadontha. Makolo athu anali nayo kale nzeru imeneyi pamene ankakweza nkhokwe pa miyala.

ZA NETI

Bwanji osangosiya makoma pululu? Chifukwa cha adani awiri. Woyamba ndi ntchentche zoyera, tating'ono tija timauluka tikagwedeza tsamba. Zimafalitsa matenda opinda masamba a matimati. Wachiwiri ndi kambozi kotchedwa Tuta absoluta. Kwawo ndi ku South America. Kanafika ku Spain mu 2006, ndipo mu 2016 kanapezeka kuno ku Mozambique. Kamalowa mkati mwa tsamba n'kumadya, tsambalo n'kuoneka ngati lapsa. Gulugufe wake ndi wamng'ono kwambiri, sakwana sentimita imodzi. Mbande zikachoka ku nazale zili kale ndi adani amenewa, munda wonse wadwala.

Neti imawatchinga. Koma neti imatchinganso mphepo. Maso ake akachepa kwambiri, mphepo yodutsa imachepanso kwambiri. Choncho pamene taika neti, mipata ikule kawiri. M'kanyumba kathu kaja, m'malo mwa 2 tiike 4.

Kuno tilinso ndi nkhungu. Tonse tinauonapo utsi wake ukukwera pakati pa nyanja. Mphepo ikaibweretsa kumtunda, imamatirira pa neti n'kutseka maso onse. Fumbi la m'chilimwe ndi ukonde wa kangaude nazo zimatseka. Neti yotsekeka ndi khoma basi. Tiziisesa ndi katsache kofewa sabata iliyonse, ndiponso tsiku lililonse limene nkhungu yatera. Tisasiye nyali yoyaka usiku m'kanyumbamo, chifukwa imaitana tizilombo.

Mawu amodzi apa, abale. Neti ya udzudzu imene timalandira kuchipatala ndi yogonamo ana athu. Si ya matimati, si ya usipa. Ilipo neti yake ya mbewu. Alangizi a zaulimi a ku SDAE, ku Metangula, angatiuze mtundu woyenera.

TSOPANO ZA FANI

Kodi ndiye kuti fani ilibe ntchito? Ili nayo. Koma tiyambe tamva chimene fani singathe kuchita. Fani sipanga chisanu. Munthu akakhala patsogolo pake amamva kuzizira chifukwa thukuta lake likuuma. Mpweya womwewo sunazizire ayi. Fani yathu ija ya pampando inkangotakasa mpweya wotentha, monga mthiko umatakasira phala mumphika. Phala silituluka mumphika chifukwa chotakasa. Ngakhale fani yabwino kwambiri singaziziritse kanyumba kuposa mpweya wa kunja. Imangochotsa kutentha kowonjezera kumene kwaunjikana mkati.

Pali fani za mitundu iwiri. Ina ndi yotakasa, monga ya patebulo. Ina ndi yotulutsa. Yotulutsa imamangidwa m'bowo la pakhoma. Imakoka mpweya wa mkati n'kuutaya kunja. Pofuna kuchotsa kutentha, yofunika ndi yotulutsa.

Fani yotulutsa imathandiza m'malo awa: pamene kanyumba kali pakati pa nyumba ndi mipanda, monga m'makomboni a ku Metangula, pamene malo ali kuseri kwa phiri ndipo palibe kwina kopita, kapena pamene tikufesera m'chipinda cha njerwa chokhala ndi malata owala. M'kanyumba ka makoma a neti paliponse, fani yotulutsa n'kutaya ndalama. Imangokoka mpweya wa pa neti yapafupi n'kuutulutsa pompo, osadutsa pa mbande.

Ngati gulu lagwirizana kugula, lisapite ku sitolo lisanachite masamu.

Choyamba tipeze kuchuluka kwa mpweya wa m'kanyumba. Taganizani bokosi la mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi, mita imodzi kukwera. M'bokosi limeneli mungalowe madzi a zigubu 50 za malita 20. Polemba, bokosi limeneli amalilemba chonchi: m³. Kanyumba kathu ndi mamita 5 m'litali, 2 m'lifupi, 2 kukwera.

5 x 2 x 2 = 20

Muli mabokosi 20 a mpweya.

Nthawi yotentha, mpweya wonsewu uyenera kutuluka ndi kulowa watsopano kamodzi pa mphindi iliyonse. Mu ola limodzi muli mphindi 60.

20 x 60 = 1,200

Tifunika fani yotulutsa mabokosi 1,200 pa ola.

Tsopano kuwerenga kwathu kutithandize. Pa katoni ya fani, kapena pa kapepala komatidwa kumbuyo kwake, tifunefune nambala yotsatana ndi zilembo izi: m³/h. Chilembo h chikuimira ola. Nambala imeneyo ndiyo mphamvu yeniyeni ya fani. Makatoni ena amalemba CFM m'malo mwake. Tikapeza CFM, tichulukitse nambalayo ndi 17, kenaka tigawe ndi 10. Mwachitsanzo, CFM 60:

60 x 17 = 1,020

1,020 ÷ 10 = 102

Imeneyo ndiyo mphamvu ya timafani tating'ono ta masentimita 12, tija timapezeka m'makompyuta: pafupifupi mabokosi 100 pa ola. Timatchipa, ndipo timadya magetsi ochepa kwambiri, mawati 2 kapena 3. Koma taonani:

1,200 ÷ 100 = 12

Pangafunike timafani 12 kuti tichotse kutentha m'kanyumba kathu! Kamodzi kokha sikangathe. Kangathandize pa ntchito ina: kugwedeza mpweya pang'ono pamwamba pa mbande masiku a bata a mu Januwale, kuti masamba aziuma. Kawombe m'mwamba mwa mbande, osati pa mbande penipeni. Timasamba tizingogwedezeka pang'ono, tisapindike.

Fani yapakhoma ya masentimita 30 kawirikawiri imafika pa 1,200 kapena kuyandikira. Komabe tiwerenge tokha. Ngati katoni ilibe nambala, ndipo wogulitsa akungoti "ndi yamphamvu", tisiye. Mawu amenewo ife tinawagulapo kale.

MAGETSI AKE

Pa katoni palinso zilembo ziwiri: V ndi W. V ikutiuza mtundu wa magetsi. W ikutiuza kuchuluka kwa magetsi amene fani imadya.

Fani yolembedwa 220V ndi ya magetsi a EDM. Kumene mawaya sanafike, imeneyo siyaka popanda zipangizo zina zodula. Ndipo magetsi amenewa amapha. M'kanyumba ka mbande mumakhala madzi tsiku lililonse. Mawaya aikidwe ndi munthu wodziwa, pamwamba, kutali ndi kheni yothirira.

Fani yolembedwa 12V ndi ya sola kapena batire. Kwa ambiri a ife yoyenera ndi imeneyi. Sola ili ndi ubwino umodzi waukulu: dzuwa likakula, fani imathamanga, dzuwa likalowa, fani imaima. Imagwira ntchito nthawi yomwe kutentha kwavuta, ndipo batire silifunika kwenikweni. Sola ikhale yamphamvu kuposa fani, pafupifupi kawiri. Ngati fani ndi ya 30W, sola ikhale ya 50W kapena 60W. Tichenjere chinthu chimodzi. Sola yolembedwa 12V, dzuwa likaswa mtengo, imatha kutulutsa 18V kapena kuposa, ndipo fani zina zimapsa. Pali kabokosi kowongolera magetsi kamene amaika pakati. Pali fani zina zimene zimagulitsidwa pamodzi ndi sola yake. Tifunse wodziwa tisanalumikize.

Ena amatenga fani yoziziritsa injini ya galimoto yakufa. Ndi ya 12V, ndipo imakoka mpweya wambiri. Koma ndi yadyera: imadya mawati 60 kapena kuposa. Kasola kotchajira foni sikangaiyendetse.

Poti tatchula foni, tinene poyera. Sola ya gulu ikangofika, aliyense amakumbukira kuti foni yake yatha moto. Waya wa fani amauzula "kwa kanthawi kochepa", n'kuiwala. Gulu ligwirizane lamulo lake sola isanabwere, ndipo mlembi alilembe m'buku.

KUIKA FANI

Fani yotulutsa iikidwe pamwamba, pa khoma lalifupi, kumbali imene mphepo imapita. Isalimbane ndi mphepo. Mpata wolowera ukhale pa khoma la kutsidya, m'munsi, kuti mpweya uyende ulendo wonse kudutsa pa mbande. Mpatawo ukule kawiri kuposa bowo la fani, ndipo ngati uli ndi neti ukule koposa apo. Timabowo tonse ta pafupi ndi fani titseke. Mpweya uli ngati madzi, umakonda njira yachidule. Kunja, pamwamba pa fani, tiike kalata kotchinga mvula.

Tikamaliza tiyese. Tiyatse kachiguduli kapena ndowe youma ya ng'ombe, tiime nayo pa mpata wolowera. Tione kumene utsi ukupita. Ngati ukuyenda pamwamba pa mbande mpaka ku fani, zili bwino. Ngati ukuima pangodya ina, pamenepo ndi pamene mbande zidzayambire kuwola. Tisamutse mabokosi, kapena titsegule kampata kena. Tisamale moto pafupi ndi pulasitiki ndi udzu.

Pali chinthu china choti gulu liganizire mofatsa. Kanyumba kotsekeka kamene kamadalira fani kali ngati bwato la injini lopanda nkhafi. Fani ikafa masana, kapena waya ukaduka, mbande zikhoza kupsa tsiku lomwelo lisanathe. Choncho ngakhale tili ndi fani, pakhale zenera lalikulu lotsegula ndi manja, ndipo pakhale munthu wa ulonda tsiku lililonse. Ife maganizo athu ndi akuti makoperativa ambiri a m'mbali mwa nyanja sakufunika fani. Ndalama imeneyo ndi bwino igule neti yabwino ndi choyezera kutentha. Koma gulu lililonse lione malo ake, lichite masamu ake.

Choyezera kutentha chipachikidwe pa msinkhu wa mbande, pamthunzi. Wa ulonda awerenge m'mawa, masana ndi madzulo, alembe. Awerengenso kunja, pansi pa mtengo. Ngati mkati mukuposa kunja ndi madigiri 5 kapena kupitirira, mpweya sukuyenda mokwanira.

KUTHIRIRA NDI KUFESA

Mphepo yokha singapulumutse mbande zimene tazimiza. Tithirire m'mawa, kuti pofika madzulo masamba ndi pamwamba pa dothi pakhale pataumako. Tisanathirire tilowetse chala m'dothi. Ngati mukadali monyowa, tidikire. Tifese m'mizere yotalikirana masentimita 10, mwapatalipatali. Zikamera zothinana tipatulire. Usiku tisatseke mipata. Kuno kunyanja chimene chimavuta usiku si chisanu, ndi chinyezi. Pakatha masabata 4 kapena 5 mbande za matimati zimakhala zokonzeka. Sabata yomaliza tichepetse madzi ndi mthunzi, kuti zizolowere za kumunda.

TIKAMBIRANE

1. Gogo uja anati tamanga choyanikira nsomba. Ankatanthauza chiyani?

2. N'chifukwa chiyani kanyumba ka ku Lichinga sikoyenera kuno?

3. Gulu lina lili ndi chipinda cha mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi, 2 kukwera. Muli mabokosi angati a mpweya? Lifunika fani ya nambala yanji? Wogulitsa wawaonetsa fani yolembedwa 300 m³/h. Agule kapena asagule?

4. Pa koperativa yathu, ndani angakhale wa ulonda tsiku la msika, ndiponso tsiku la maliro?

Tilembe m'kope: Mpweya wotentha umakwera. Mbande zimafuna mphepo.

NTCHITO YA SABATA INO

Tigawane magulu awiri. Gulu loyamba lizike nsungwi ya kansalu pa malo amene tikufuna kumanga, lilembe kumene mphepo ikuchokera m'mawa, masana ndi madzulo, kwa masiku 7. Gulu lachiwiri liyeze malowo. Ngati tepi palibe, tidule chingwe cha mita imodzi kwa aphunzitsi. Amene ali ndi fani kunyumba, kapena katoni yake, abwere nayo pa phunziro lotsatira, tidzawerenge pamodzi zimene zalembedwapo.